Chilolezo cha ku Namwera

A Basil anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osakumbukira n'kamodzi komwe kuti akazi awo ali ndi mwini mbumba. Anadzakumbukira mu Ogasiti wa 1979, atakhala pa benchi m'chipinda cha dokotala, pepala lili patsogolo pawo, bolopeni ili pambali pake.

Anali mmisiri wokhoma maboti a matabwa kufupi ndi Malindi, luso limene anaphunzira kwa amishoni ali mnyamata. Akazi awo, a Mwanabibi, anali a ku Namwera, mwana wa Asilamu, ndipo a Basil anawatenga mu 1953 popanda nkhoswe, popanda kugogoda pa khomo la munthu. Anangowakweza pa kaliyala ya njinga n'kutsetsereka nawo phiri. Mchimwene wawo wa a Mwanabibi, a Wadi, amene mwa mwambo ndiwo anali ndi mawu pa moyo wa mlongo wawo ndi ana ake, anatumiza uthenga umodzi wokha, wakuti mbala ija isadzapondenso ku Namwera. Lamulo limeneli a Basil analimvera ndi mtima wonse. Ana anabadwa, anabatizidwa, woyamba Mabel anakwatiwa ku Makokola, ndipo pa zonsezi palibe amene anakwera phiri kukafunsa maganizo a a Wadi.

Matenda anayamba ngati masewera. A Mwanabibi, amene ankasenza dengu la usipa kuchoka ku gombe mpaka ku msewu osatula, anayamba kukhala pansi pakati pa njira. Kenako nsomba zinayamba kuwanunkhira. Pofika mu Julaye manja anali ngati bango, mimba yokha ikukula cha kumanja. A Basil anawatengera ku kachipatala kena ka mishoni kumpoto kwa mudzi wawo, kamene lero kanasanduka bwinja, mbuzi n'kumagona mu wodi ya amayi. Masiku amenewo kanali kaukhondo, kopaka laimu, ndipo kanali ndi dokotala mmodzi mzungu, wamtali wowerama, wolankhula Chinyanja cha m'buku la mapemphero. Namwino wamkulu, Sisitala Lusiya, ndiye ankawongola Chinyanjacho chikapotoka.

Dokotala sanabise kanthu. Chotupa chinali m'chiwindi, ndipo opaleshoni sikanatheka. Anati mvula yoyamba mwina adzaiona, koma chimanga chachiwisi sadzadya. Atanena zimenezo anadzuka n'kutseka zenera. Nthawi imeneyo munthu akatseka zenera masana dzuwa likuswa mtengo, unkadziwa kuti nkhani ikubwerayo si yoti ifike m'makutu mwa a chipani.

Anatsegula firiji ya palafini n'kutulutsa kabokosi ka timabotolo tisanu ndi kamodzi. Anati mankhwalawo anamutumizira mnzake amene anaphunzira naye kwawo kutsidya kwa nyanja yamchere. Anali atsopano, akadali kuyesedwa, ndipo palibe boma limene linali litawavomereza, la kwawoko ngakhale la kuno. Iye anali atalemba makalata awiri ku likulu kupempha chilolezo, koma yankho silinabwere. Mwa anthu ochepa amene anabayidwa, ena chotupa chinaphwa n'kukhala chaka kapena ziwiri, ena sizinasinthe kanthu, ena mankhwalawo ndiwo anawafulumizitsa. Onse ankasanza, tsitsi n'kuthothoka, m'kamwa n'kuchita zilonda.

"Zikamveka, adzandipatsa tsiku limodzi kuti ndilongedze katundu," anatero dokotala. "Chifukwa chake ndifuna pepala ili likhale ndi chala cha wodwala ndi dzina la mwamuna wake. Ndipo tisachedwe. Mankhwala awa afuna magazi amphamvu, ndipo mphamvuyo ikutha tsiku ndi tsiku."

A Mwanabibi sanadikire kuti Sisitala Lusiya awonjezere.

"Bweretsani inki," anatero. "Ngati ulendo ndi womwewo, ndipite ndikuyesa. Mabel achira mu Febuluwale. Mwana ameneyo ndikufuna ndidzamusambitse ndekha."

Anadinda chala chachikulu mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kung'ambika, kenako anakankhira bolopeni kwa amuna awo.

Miyezi itatu yofika ku mvula yoyamba imene dokotala anatchula, a Basil anali ataitenga kale ngati yawo. Anali ataona kale akazi awo atakhala pa mkeka pansi pa shedi ya maboti, akuwanyoza kuti thabwa lapindika, tiyi akuzizira pambali. Tsopano wina amafuna kutenga miyezi imeneyo n'kuiponya pa juga, kuti mwina ibwere khumi ndi iwiri, mwina atsale ndi masabata atatu a mu wodi, mkazi wopanda tsitsi akubuula pa beseni. Iwo sanafune, ndipo anadziwa kuti sakufuna. Vuto linali lakuti chikwatirane sanapambanepo mkangano ndi a Mwanabibi, ndipo kukana pamaso pawo sanakuphunzire. Ndi pamenepo pamene mwambo unawagwera m'mutu ngati mango akupsa.

"Adokotala, ine ndine mkamwini chabe," anatero modzichepetsa. "Za moyo wa munthu mwini wake ndi mwini mbumba. Zitavuta, a kwawo adzati ndinapereka m'bale wawo kwa azungu kuti ayeserepo mankhwala. Ndikayambe ndafunsa alamu anga ku Namwera."

Sisitala Lusiya anagwedeza mutu kuvomereza, poti iye anaonapo amuna akuzengedwa milandu pa maliro chifukwa cha zoterezi. Dokotala, amene ankaopa kuponda mwambo wa eni dziko kuposa mmene ankaopera njoka, anabweza kabokosi mu firiji n'kunena kuti apite msanga. A Mwanabibi okha ndiwo sanayankhule. Anayang'ana amuna awo nthawi yaitali, kenako anapukuta inki ya ku chala pa chitenje.

A Basil sankakayika za yankho la a Wadi. Munthu wa ku mzikiti, chipatala cha mishoni, mankhwala a mzungu oti boma silikuwadziwa, wopempha n'kukhala mbala ya 1953 ija. Akana basi, ndipo wokanayo sakhala a Basil.

Panali lole ya a Jaffalie imene inkatenga nsomba zouma kupita nazo ku Namwera Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, n'kubwerako tsiku lomwelo. Lachisanu a Basil inawasiya chifukwa boti la munthu limafunika phula. Lamulungu kunali Misa. Lachiwiri anatulukira kuti khadi lawo la chipani linali la chaka chatha, ndipo anyamata a yufi pa mphambano sakanawalola kukwera galimoto. Nyumba ya tcheyamani wogulitsa makhadi inali yachitatu kuchokera pa yawo, koma kufikako kunawatengera masiku awiri. Madzulo alionse ankapita ku chipatala ndi phala, n'kufotokoza chimene chawalepheretsa tsiku limenelo, a Mwanabibi n'kungoti, "Chabwino, bambo a Mabel." Lachinayi, patapita sabata yathunthu, anapopa matayala a njinga n'kunena kuti malole a masiku ano ndi osadalirika.

Msewu wa ku Namwera sunawaiwale. Atangoyamba kukwera phiri anatsika n'kumakankha njinga, monga ankachitira ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, dengu la utaka wowamba lili kumbuyo, akupita kukasinthanitsa ndi chimanga. Mwala uja ankapumirapo unalipobe. Kamtsinje kaja ankasambamo kumaso kuti akafike pa msika akuoneka ngati munthu kanali kataphwa, koma mphepo yozizira ya kumtunda inawalandira pa khona yomweyo, ndi fungo lomwelo la masamba a tsanya ndi utsi wa m'zigafa za fodya. Anatembenuka n'kuona nyanja yonse ili pansi pawo, yaing'ono ngati mbale.

Pa msika wa ku Namwera m'pamene mtsikana wina wovala mpango wobiriwira anatola nsomba imodzi m'dengu lawo, n'kuinunkhiza, n'kuuza anzake m'Chiyao kuti nsomba iyi sinagwidwe ndi ukonde, inafa ndi ukalamba. Mnyamata wa ku mishoni anamva, poti Chiyao ankachidziwa, ndipo m'malo mopsa mtima anamuwonjezera basela. Sabata yotsatira anamuwonjezeranso. Pofika mwezi wachitatu amayi ake a Basil ankadabwa kuti nsomba zikupita zambiri, chimanga chikubwera chochepa. Tsiku limene anathawitsana, mabuleki a njinga anali akutha. Anatsetsereka phirilo mnyamata akukwekwesa mapazi m'fumbi, mtsikana atamugwira malaya, akukuwa ndi kuseka nthawi imodzi. Mpango uja unauluka pa khona yachiwiri. Mnyamata anafuna kuima, mtsikana n'kumumenya pa msana kuti, "Tiyeni! Mukaima ndiganiza bwino!"

A Basil anaima pa khona imeneyo n'kulira, njinga itatsamira m'chiuno mwawo. Ankawakonda akazi awo, ndipo pa zimenezo panalibe bodza. Anagona ku Chowe kwa mnzawo wakale, ngakhale dzuwa linali likadalipo loti n'kufika.

Anafika ku Namwera Lachisanu masana, amuna onse ali ku mzikiti. Mkuyu wa pa msika unali utadulidwa, pamalo pake pali ofesi ya chipani ya malata. Anadikira pa khonde la telala wina mpaka anthu anayamba kutuluka ndi mikanjo yawo yoyera. A Basil anawazindikira a Wadi ndi kayendedwe. Chimunthu chija ankachiopa chinali chitasanduka kankhalamba kakafupi, ka ndevu zoyera, koyenda ndi ndodo. Nakonso kanaima n'kuwayang'anitsitsa.

"Che Basili," anatero a Wadi. "Mwabwera kudzabweza, kapena kudzaba wina?"

"Alamu, mlongo wanu ali pa mphasa."

A Wadi sananenenso zachipongwe. Anawatengera kunyumba, n'kuwayalira mkeka pa khonde, ndipo a Basil anafotokoza. Anafotokoza mwaluso ndithu. Za anthu amene anakhala chaka kapena ziwiri anazidutsa mothamanga. Pa kusanza, pa tsitsi, pa amene anafa msanga, pa boma limene silinavomereze, anaimapo n'kuthira mchere. Anatchulanso kawiri kuti chipatalacho n'cha mishoni. A Wadi ankamvetsera maso ali pansi, mikanda ya swala, yowerengera mapemphero, ikuyenda m'zala.

"Mwini wake akuti bwanji?" anafunsa.

"Iwo akufuna. Anadinda kale chala."

"Liti?"

"Lachinayi," anatero a Basil. "La sabata yatha."

"Subhanallah! Ndiye tikukhaliranji pansi?" A Wadi anali atagwira kale ndodo. "Tsiku la munthu analemba ndi Allah, mzungu sangalifufute, ine sindingalifufute. Koma kuyesa mankhwala sanatiletse. Mwanabibi ameneyo ndinamukaniza inuyo, anandimvera? Lero ndikamukanize mankhwala, thupi lili lake?"

Anaima pa masitepe a khonde.

"Koma mwandilemekeza, alamu. Ine ndinati munthu uyu sadzandiwerengera mpaka kufa. Mwakwera phiri lonse lija pa njinga, ndi imvi zanuzi, kudzandifunsa ine."

Chakudya chimene mkazi wa a Wadi ankakonza sanachidikire. Lole ya a Jaffalie inali pa msika ikupakira chimanga, ndipo anaponya njinga pamwamba pa matumba n'kukwera. Ulendo umene unawatengera a Basil masiku asanu ndi atatu, lole inautha m'maola atatu.

Mu wodi, a Mwanabibi atangoona munthu wa mkanjo pa khomo anayesa kudzuka, n'kulephera.

"Achimwene," anatero.

"Chemwali."

Zina zonse anayankhula m'Chiyao, Chiyao chothamanga cha kumtunda chimene a Basil anali asanachimve m'kamwa mwa akazi awo kwa zaka zambiri. Anafunsana za amoyo ndi akufa, za chitsime cha kumunda, za mtengo wa mapeyala umene amayi awo anabzala. A Basil anaima cha kumiyendo kwa bedi, ndipo ndi pamene anaona chimene masiku onse aja ankakana kuona pobweretsa phala. Maso a akazi awo anali achikasu, khungu nalonso, ndipo mapazi anali atatupa.

M'mawa wa Loweruka a Wadi analemba dzina lawo pa pepala lija m'zilembo za Chiarabu, kuyambira kumanja kupita kumanzere, Sisitala Lusiya akusuzumira modabwa. A Basil analemba lawo m'munsi mwake, poti panalibenso pobisala. Dokotala anatenga magazi. Cha m'ma thiri koloko anabwera pa bedi yekha, ndipo zenera sanatseke.

"Chiwindi chaleka kugwira ntchito," anatero. "Ndikabaya tsopano, mankhwala awa adzakhala poizoni. Sabata yatha ndikanayesa. Lero sindingathe. Pepani, amayi."

A Mwanabibi anatseka maso. A Wadi ananena kuti zonse n'za Allah, n'kutuluka kukafuna madzi oti atawaze, kudziyeretsa asanaswali. Chimene a Basil anakwerera phiri chinali chitachitika, popanda iwo kukana, popanda aliyense kukana, ndipo chinawawa ngati ndulu. Anakhala pa mpando wa pambali pa bedi manja ali pakati pa mawondo.

"Bambo a Mabel."

"Ee."

"Lole ya a Jaffalie imapita Lachiwiri ndi Lachisanu."

"Inde."

"Munapita kuti akakane."

A Basil anaganiza zotchula za phula, za khadi, koma anazisiya.

"Ndimaopa, mayi a Mabel," anatero pomaliza. "Ndimafuna mukhale kunyumba."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, bolopeni ili patebulo. Mukanandikaniza nokha, pamaso panga. Tikanakangana, ndikanakugonjetsani ngati masiku onse, mukanasaina. Mwina akanandipha mankhwalawo, mwina ayi. Koma anali anga oti ndiyese." Anapuma kwa kanthawi, mpweya ukuvuta. "Inenso ndinalakwa. Ndinakhala chete kuti ndione ngati mungapitedi, poti achimwene ndinawasowa. Sindinadziwe kuti mukoka miyendo chonchi."

"Ndikhululukireni."

"Zimenezo ndiganizira, nthawi ndili nayo pang'ono. Koma achimwene musawauze. Mwaona mmene akondwera."

Anawatulutsa m'chipatala Lolemba. Anakhala masabata asanu, ndipo kunena zoona anali masabata abwino, zimene zinawapweteka a Basil koposa. A Mwanabibi ankagona pa mkeka pansi pa shedi ya maboti, n'kumanena kuti thabwa lapindika ngakhale maso atatseka. Mabel anabwera kuchokera ku Makokola ndi mimba yake, amayi ake n'kumamulangiza za kasambitsidwe ka khanda, madzi otentha bwanji, mutu kuugwira pati. A Wadi sanabwerere ku Namwera. Ankagona m'nyumba ya Mkhristu, belu la tchalitchi likulira iwo n'kumayala kamkeka kawo pa mchenga kuseri kwa boti, ndipo ana a m'mudzi anasiya kuwaonerera patapita masiku atatu. Madzulo amuna awiriwo ankakangana za mtengo wabwino wokhomera boti, ngati kuti a Wadi anakwerapo boti chibadwire. Za kukhululuka a Mwanabibi sanazitchulenso, ndipo a Basil sanalimbe mtima kufunsa. Anamwalira kumapeto kwa Seputembala, m'mawa, mvula isanagwe.

Pa maliro anthu a ku Namwera anatsika lole yodzaza, kwa nthawi yoyamba chikwatiwire a Mwanabibi. Anakhala mbali imodzi ndi zisoti zawo, a kwaya mbali ina ndi mabuku awo a nyimbo, ndipo panalibe amene anakwezera mnzake mawu. Wansembe atamaliza, mwambo unafuna kuti mwini mbumba ayankhule. A Wadi anaimirira atatsamira ndodo.

"Ine ndili ndi mawu ochepa," anatero. "Munthu uyu ndinamutcha mbala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Lero ndikubweza mawu amenewo pamaso pa anthu. Mlongo wanga atadwala, adokotala anamupatsa pepala kuti asaine. Wina akanangosaina, ife n'kudzamva uthenga wa maliro. Iye anati ayi, munthuyu ali ndi eni ake. Anakwera phiri pa njinga, nkhalamba ngati iyi, kudzagwada kwa ine amene ndinamuthamangitsa. Mankhwala anachedwa, chimenecho n'cha Allah. Koma inu anyamata amene muli pano, a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi, mukafuna kudziwa kasungidwe ka mwana wa eni, muyang'ane Che Basili. Ife a ku Namwera tilibe naye mlandu."

Amayi anang'ung'udza kuvomereza, amuna akugwedeza mitu. Mabel anagwira dzanja la bambo ake n'kulifinya monyadira. Anthu onse anatembenuka kudikira kuti wamasiye ayankhe, monga umafunira ulemu. A Basil anaimirira. Anayang'ana bokosi limene anakhoma okha ndi matabwa a boti, ndipo anadziwa kuti munthu yekhayo amene akanawatsutsa ali m'menemo, ndipo ndi yemweyo amene anawaletsa kuulula.

"Zikomo, alamu," anatero, n'kukhala pansi.